Wufa inandivutitsa miyezi iwiri, madala a kamita kachikasu pa Dedza boma ndi amene anaithetsa

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa kuti Sienta yanga ija inasiya bwanji kulira ngati udzudzu, poti amene munakwerapo mwezi wa Juni mukukumbuka mmene zinalili, nde m'malo moyankha mmodzimmodzi ndangoti ndilembe zonse kamodzi. Dzina la madala amene anakonza sinditchula, eni ake anandiletsa ati safuna chigulu cha anyamata a mawufa pakhomo pawo, koma amene mumayenda pa Dedza boma mukafunsa madalaivala za mkulu wa magetsi a galimoto amene amayenda ndi kamita kachikasu koyezera magetsi m'thumba la jekete akulozerani.

Galimoto yanga ndi zija zochokera ku Japan zodzera pa Dar es Salaam ndi Songwe, inabwera ndi wailesi yolemba chijapanizi yomwe FM yake imathera pa 90, masiteshoni ambiri akwathu kuno osagwira. Imeneyo ndinachotsa kalekale nkuika ya flash ndi Bluetooth, ndipo kwa chaka chathunthu sinandivutepo. Vuto ndinalipalamula ndekha. Loweruka ndimakonda kupangidwa hayala pa maukwati ndi zinkhoswe, nde mukudziwa pa mdipiti wa ukwati galimoto yopanda besi anthu amaithawa, atsikana operekeza onse amathamangira kokwera kukugunda. Ndinapita ku Lilongwe, ndinagula wufa, sipika yaikulu ija ya besi, ya 12 inch ili kale m'bokosi, ampu yoipatsa mphamvu wufayo yolembedwa 5000W ndi zilembo zikuluzikulu zasiliva, ndi paketi ya mawaya. Mnyamata wina amene amakhala pakhonde la shopuyo anati bwana ndimangireni pompano, maola awiri sanakwane wamaliza. Pamalo oimika magalimoto paja inagunda mpaka alonda kubwera kudzaonerera, ine mtima mbee, ndinalipira osanenerera nkomwe.

Tisanafike pa Nathenje ndinayamba kumva kakulira kenakake kochokera m'masipika, kaphokoso kosongoka kaja, ndikaponda mafuta kakukwera, ndikasiya kakutsika. Ndinadzinamiza kuti mwina ndi nyimboyo. Pofika pa Linthipe besi inangoti zii, masipika a m'zitseko okha ndi amene akuimba. Ndinaima, kutsegula ku buti, ampu yayatsa kagetsi kofiira ndipo kuigwira ngati chiwaya cha chipisi. Patapita mphindi khumi inadzuka yokha. Usiku womwewo ndikukwera kulowa pa boma ndinaona kuti besi ikagunda magetsi akutsogolo akuphethira motsatira nyimbo, kkkk panthawiyo ndinkaona ngati ndi zamphamvu, kumauza anzanga kuti aise wufa yanga imakoka mpaka malaiti.

Kenako ndinatulukira china, besi imamveka ndikatsegula FM basi, ndikangosinthira ku flash kapena Bluetooth ampu ikuzima. Wa ku Lilongwe uja foni anayankha kawiri, kachitatu nambala sikupezeka. Ndinapita kwa mnyamata wina wa kuno amene amakonza mawailesi ndi mafoni, anayang'ana kwa mphindi zisanu nkudula kawaya kakafupi ngati chala, kulumikiza timabowo tiwiri pa ampu pomwepo, besi inabwerera pa flash, pa Bluetooth, paliponse. Ndinamuyamika kwambiri mnyamata ameneyu. Sindinadziwe kuti wandikumbira dzenje.

Kuyambira sabata imeneyo galimoto ikagona masiku awiri osayenda, m'mawa ikungoti tche tche tche osalira. Anthu anati ndi kuzizira, ndipo nzoona Juni wa pa Dedza mukumudziwa, chifunga chimatsika m'phiri muja mpaka zala kuuma, batire lofooka silipirira. Ndinagula batire latsopano. Sabata ziwiri, chimodzimodzi. Wina anati alternator yotchaja batire yatha, wina anati gula capacitor, wina anandigulitsa kabokosi kakuda komangira pa mawaya a RCA, aja otengera nyimbo kuchoka ku wailesi kupita ku ampu, ati kamapha phokoso, kanachepetsadi kulira kuja pang'ono koma kanadyanso besi theka. Aliyense amene ndamufunsa ali ndi chinthu choti ndigule.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi cha ku Bembeke. Ndinapangidwa hayala kukatenga akuchikazi, ndinafika Lachinayi madzulo chifukwa ndinali ndi katundu wa kukhitchini, Lachisanu galimoto inangokhala pabwalo ana akuizungulira, Loweruka 6 koloko m'mawa anthu avala kale, azimayi akuimba, ine kutembenuza kiyi, tche tche tche. Anyamata anati tikankhe, nde Sienta ya otomatiki mungaikankhe mpaka ku Ntcheu siilira. Tinadikira pafupifupi ola mpaka lole ina yonyamula mbatatesi inaima nkutibwereka moto ndi mawaya. Azakhali a mkwatibwi anangondiyang'ana nkunena kuti "achimwene, ife timati tapeza galimoto, kani tapeza wailesi." Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalama ya batire.

Lolemba lake mnzanga wa Probox ndi amene ananditengera kwa madala aja. Malo ake musayembekezere galaja yooneka bwino, ndi kuseri kwa nyumba yawo, kashedi ka malata anayi, benchi, mbaula, ndi mulu wa ma alternator akale pakona. Chikwangwani palibe. Anandipatsa moni bwinobwino, kenako mafunso ngati ku chipatala, chinayamba ndi chiti, kulirako kumasintha ndi injini kapena ndi voliyumu, besi imazima nyimbo ili pamwamba kapena nthawi iliyonse, wagwirapo ndani ndi ndani. Ndinayamba kuwauza maganizo anga a alternator, anangokweza dzanja. "Achimwene, inu munene zimene mwamva ndi zimene mwaona, zoganizazo mundisiyire ine."

Anayamba ndi batire, injini ili chozima. Kamita kanaonetsa 12.2 volts, ati lathodwa koma silinafe, labwinobwino lodzadza limakhala cha pa 12.6. Ndinaliza injini, kanakwera kufika 14.1, ati alternator yabwino imasewera pakati pa 13.8 ndi 14.4, nde yanuyi isiyeni ilibe mlandu. Mphindi zitatu zokha, nkhani ya alternator imene ndinatsala pang'ono kukongola ndalama inathera pomwepo. Kenako anandiuza kuti ndizimitse, ndichotse kiyi ndiike m'thumba, titseke zitseko, tizungulire ku buti. Anandilozera ampu. Kagetsi kobiriwira kali ngwee, kiyi ali m'thumba mwanga. Ine miyezi yonseyi sindinaganizepo zoyang'ana ku buti galimoto itazima.

Kawaya ka mnyamata wa mafoni kaja ndi kamene kanali mfiti. Mmene anandifotokozera, ampu ili ndi pomangira patatu, pa moto waukulu wochokera ku batire, pa earth, ndi kena kakang'ono kolembedwa REM. Ka REM ndi kamene kamauza ampu kuti dzuka kapena gona, kamayenera kulandira moto pokhapokha wailesi ikayaka. Mnyamata uja anangokalumikiza ku moto waukulu, nde ampu inali maso usana ndi usiku. Anaika kamita pakati pa batire ndi waya wake, kanaonetsa kuti galimoto yozima ikumwa pafupifupi 1A, pamene yabwinobwino siyenera kupitirira 0.05A. Kabatire ka Sienta nkakang'ono, masiku awiri akumwedwa choncho kuphatikiza kuzizira, basi kagona. Ndipo chimene chinkazimitsa besi pa flash poyamba paja chinali chophweka zedi, kuseri kwa wailesi kuli mawaya awiri ofanana, wabuluu yekhayekha ndi wabuluu wa mzere woyera. Wabuluu yekhayekha ndi wa eriyo, pa mawailesi ambiri amakhala ndi moto FM ikatsegulidwa basi. Wa mzere woyera ndi amene ali wa ampu. Wa ku Lilongwe anamanga pa wabuluu. Kusuntha kawaya kamodzi, ntchito ya mphindi ziwiri, ine ndinagulira batire.

Atakweza mpando wakumbuyo anaseka kaye asanayankhule. Earth ya ampu inali waya wotalika kuposa mita, wopanda kachitsulo kakumapeto, tinsinga take tangopotokoledwa nkupanikizidwa pansi pa bawuti ya mpando, pamwamba pa penti. Anaukoka ndi zala ziwiri unatuluka. "Awa amati earth awa?" Ati penti salola magetsi kudutsa, ndipo earth imafunika ikhale yaifupi, osapitirira theka la mita, yonenepa mofanana ndi waya wa moto, yomangidwa pa chitsulo cha bodi chopalidwa mpaka kuwala. Anasankha malo pafupi ndi ampu, anasuzumira kaye pansi pa galimoto kuona kuti asaboole thanki kapena paipi ya mabuleki, anapala ndi sandipepa kabwalo kangati ndalama yachitsulo, kumanga ndi bawuti yake yake, pamwamba nkupaka girizi kuti dzimbiri lisalowe nthawi ya mvula.

Nde panabwera nkhani ya waya wofiira wotengera moto kuchoka ku batire kupita ku ampu, apa ndi pamene ndinachita mantha zenizeni. Kunja amaoneka wonenepa ngati chala chachikulu. Madala anadula kachidutswa nkundionetsa mkati, pulasitiki ndi amene anali wambiri, tinsinga tamkati tochepa ngati chingwe cha ayironi. Anapala kansinga kamodzi ndi mpeni, mtundu wa kopa unachoka kunatsala koyera. Anayatsa machesi nkuika pansi pake, kanangofota nkugwa ngati ulusi. Ati uyu ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, amamutcha CCA, kopa weniweni akamuotcha choncho amafiira koma safota, ndipo aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 60 peresenti yokha ya mmene kopa wonenepa mofanana amadutsitsira. Anatsimikiza ndi kamita, injini ikulira ku batire kuli 14.1 koma pa ampu besi ikagunda kukutsika mpaka 11 ndi kadontho. Moto wonsewo ukuthera m'njira, kusanduka kutentha pansi pa kapeti.

Fyuzi ya waya ameneyu inali ku buti, pafupi ndi ampu. Ine ndinkaona ngati ndi pamalo pake, si ikuteteza ampu? Ayi ndithu. Ampu ili ndi fyuzi yake kale, ya pa wayayi ntchito yake nkuteteza wayayo ndi galimoto, nde imayenera kukhala kufupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Anandiitana kuti ndisuzumire pansi pa dashibodi ndi tochi ya foni pamene waya amadutsa kuchoka ku injini kulowa mkati. Anangomudutsitsa pa bowo la chitsulo popanda kalabala, ndipo chitsulocho chinali chitadya kale pulasitiki, mzere ukuoneka. Ndi mabampu a misewu yathu ya kumidziyi sindikudziwa kuti kunatsala maulendo angati. Waya ameneyo akanakhudza bodi, kuchokera ku batire mpaka pamenepo palibe fyuzi iliyonse, akanafiira ngati waya wa hotipuleti. Ndinaganiza za ana aja ndimawapanikiza kumbuyo pa ukwati asanu ndi awiri, thukuta linatuluka kuzizira konse kuja.

Waya wa kopa weniweni madala sasunga, ndipo pa boma sitinamupeze wa saizi imene amafuna. Ichi ndi chimodzi chimene chinanditopetsa, katundu aliyense ukagule wekha, iwo amangokulembera pa kapepala. Ndinachita kukwera minibasi m'mawa mwake kupita ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kupita kokha, ndili ndi mpeni m'thumba kuti ndikapale ndisanagule, wa shopu ina anakana kuti ndipale nde ndinadziwiratu nkutuluka. Mtengo sinditchula chifukwa kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zakunja siikhala malo amodzi, ndingonena kuti mamita asanu a waya wa kopa anadula kuposa paketi yonse ija ya mawaya, komanso kuposa ndalama imene madala anandilipiritsa pa ntchito yawo yonse. Ndabwerako madzulo, madala kulibe, apita ku maliro kwawo kwa akazi awo, foni yozima. Galimoto ili pa shedi mipando ili panja. Tsiku lachiwiri linapita choncho.

Lachitatu ndi limene tinalimbana ndi kaudzudzu kaja. Atachotsa mapulasitiki a m'mphepete mwa zitseko tinapeza waya wa moto ndi mawaya a RCA amangidwa pamodzi ndi tepi kuchokera kutsogolo mpaka ku buti ngati mtolo wa nzimbe. Anawalekanitsa, wa moto mbali imene kuli batire, a RCA mbali inayo. Kabokosi kakuda kaja anakachotsa nkundipatsa m'manja osanena kanthu. Kuliza injini, kulira kwachepa kwambiri chifukwa cha earth yatsopano koma kukadalipo, ukaponda mafuta kakumveka patali. Ine ndinati madala pamenepa zili bho, ndi nyimbo sikamveka. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Mmene anakasakira ndi zimene zinandigometsa, ndipo aliyense atha kuyesa yekha kunyumba. Anazimitsa zonse, kuzula ma RCA pa ampu, kuliza injini, wufa ili chete. Ati ndiye kuti ampu ndi earth yake zili bwino, phokoso likuchokera kutsogolo. Anatenga kachingwe kolumikiza foni ku RCA, kuika foni yanga molunjika ku ampu, nyimbo yoyera bwinobwino olo uponde mafuta. Anabwezera ma RCA a galimoto, kulira kwabwerera. Anasolola wailesi pa dashibodi, kutenga kawaya, mbali ina kugunditsa pa chitsulo chakunja cha pulagi ya RCA mbali ina pa bodi ya wailesi, phokoso linangoti zii ngati wina watseka chitseko. Kuchotsa, labwerera. Kugunditsa, zii. Anachita katatu akundiyang'ana kuti ndimve ndekha.

Ati mkati mwa mawailesi ena muli kafyuzi kakang'ono ngati njere ya mpunga pa njira ya earth ya RCA, nde ampu ikakhala ndi earth yoipa moto umasaka njira ina yobwerera nkudzera m'ma RCA, kapena munthu akamazula ndi kubaya ma RCA zinthu zili choyaka, kamapsa. Kanga kanapsa, kaya ndi earth ya pa penti ija kaya ndi ine amene ndinkazulazula pa Linthipe, onse awiri tili ndi mlandu. Anandipatsa zosankha, kutsegula wailesi nkusintha kafyuziko kapena kuwotcherera kawaya kunja. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, nde anatenga chowotcherera chakale chija cha mutu wa kopa nkuchiika pa mbaula pambali pa ketulo ya tiyi, chitatentha anapukuta pa nsanza nkuwotcherera kawaya kaja mwaukhondo kuposa mmene ndaonerapo ena akuchitira ndi cha magetsi. Anandichenjeza kuti kawayaka kalibe chitetezo ngati kafyuzi kaja, earth ya ku buti ikadzamasuka chidzapse ndi china chachikulu, nde ndizikayang'ana bawuti ija nthawi ndi nthawi.

Kunatsala kuzima kwa besi ndi kagetsi kofiira. Ine ndinkaganiza kuti waya watsopano wathetsa, iwo anati tiyeze kaye wufayo. Kamita pa mawaya a bokosi kanaonetsa 1.8 ohms. Anamasula wufa m'bokosi, kumbuyo kwake kuli pomangira pawiri, ati iyi ili ndi makoyilo awiri, iliyonse ya 4 ohms. Ukawamanga mophatikiza, pulasi ku pulasi mainasi ku mainasi, zimapanga 2 ohms, ukawamanga motsatizana zimapanga 8. Yanga inamangidwa pa 2. Pamene ampu yanga ndi ya matchanelo awiri olumikizidwa kukhala imodzi, zija amati bridge, ndipo pambali pake penipeni palembedwa timalemba ting'onoting'ono kuti ikamangidwa choncho isatsike pa 4 ohms. Nde inkasenza katundu wowirikiza kawiri, kutentha, nkudziteteza pozima. Kuonjezera apo inali yomangidwa chogona pansi pa kapeti mpweya osafika. Anamanga makoyilo motsatizana nkuisunthira ampu poonekera. Ananunkhiza wufayo nkundipatsa kuti ndinunkhize nanenso, kafungo ka vanishi wopserera kanalipo ndithu, ati yatsala pang'ono koma ikadali ndi moyo.

Za 5000W anandichititsa manyazi pamaso pa mnzanga wa Probox. Anazula fyuzi ya pa ampu, imodzi yokha, yobiriwira, 30A. "Achimwene munapita kusukulu inu, 30 kuchulukitsa ndi 14?" Ndinati 420. "Eya. Ndiye moto wonse umene ungalowe m'kabokosi aka fyuzi isanapse ndi umenewo, ndipo ampu za mtundu uwu gawo lalikulu ndithu zimataya ngati kutentha. 5000 yo ikuchokera kuti, kumwamba?" Ati pogula muziyang'ana nambala yolembedwa RMS, imene ndi mphamvu yake yeniyeni, ndi fyuzi, zilembo zasiliva zija ndi za pa katoni.

Timabatani ta pa ampu tonse tinali topotokoledwa mpaka kumapeto, gain mpaka mwamba, bass boost mpaka mwamba, fyuluta yozimitsa moti mawu a woimba ankatulukira ku buti. Ati gain si voliyumu, ntchito yake nkufananitsa ampu ndi mphamvu imene wailesi ikutumiza, ukaikweza mopitirira besi imaphwanyika ndipo ndi zimene zimaotcha koyilo. Anatsitsa boost mpaka ziro, fyuluta anaika pa LPF cha pa 80Hz kuti wufa izigwira zapansi zokha, wailesi anaikweza kufika magawo atatu mwa anayi, nkumakweza gain pang'onopang'ono khutu lili pa bokosi mpaka pamene mawu anayamba kuipa, nkubweza pang'ono. Kenako anandikhazika pa mpando wa dalaivala, iwo ali ku buti akusinthanitsa mawaya awiri a wufa, "apa kapena apa?" Mbali imodzi besi imamveka ngati ili kunja kwa galimoto, mbali inayo inabwera kudzakhala pachifuwa limodzi ndi masipika a m'zitseko. Ndinawafunsa za capacitor, anati ndalama imeneyo mukagulire ana nsapato.

Tsopano chilungamo chake, poti ena mupita kumeneko chifukwa cha ine. Besi yanga panopa siigunda ngati tsiku lija pa Lilongwe. Pa 8 ohms ampu imatulutsa mphamvu yochepa, madala ananeneratu kuti ndikafuna zambiri ndisunge ndalama ndigule ampu ya mono yopirira 2 ohms, adzabwezera makoyilo mmene analili. Sabata yoyamba zinkandinyansa, ndinafika poganiza zokakweza gain mwakabisira. Koma ndayenda nayo kuchoka pa boma kudutsa Lizulu mpaka Ntcheu ndi kubwerera, msewu uja woyenda m'malire a Mozambique, nyimbo ili pamwamba njira yonse, sinazimepo olo kamodzi, ampu ndikaigwira ndi yofunda chabe. Ndatsika nayo Khwekhwerere kupita ku Golomoti pa giya yotsika injini ikukuwa, pamene kale kaudzudzu kakanandiboola makutu, kuli chete. Malaiti asiya kuphethira. Galimoto yagonapo masiku asanu osaliza, m'mawa kiyi kamodzi.

Zodandaula zilipo. Ntchito imene wina angaithe tsiku limodzi inatenga masiku atatu, ndipo ngati galimoto yanu ndi yodyera ngati yanga muwerengeretu zimenezo. Foni sayankha akakhala pa ntchito, akakhala kuti sali pa ntchito ndiye yozima. Lisiti kulibe, ndalama amafuna ya m'manja. Pochotsa mapulasitiki a m'mphepete anathyola timakilipi tiwiri, ananena okha kuti ndathyola koma sanagule tina, mpaka pano pulasitiki ya khomo lakumanzere imadzuka wina akaiponda. Ndipo pakamwa mpolasa, ngati simupirira kudzudzulidwa pamaso pa anthu musapiteko, ine anandiuza kuti "galimoto mukuitenga ngati shabini" mkazi wawo ali pomwepo akusenda mbatatesi. Za mabokosi a wufa, kukongoletsa, timagetsi ta buluu, sapanga, ati imeneyo ndi ntchito ya akalipentala. Kamodzikamodzi ndikazimitsa wailesi wufa imati du pang'ono, ndinabwerera kukawauza, anamvetsera kawiri nkunena kuti ampu zotchipa zambiri zimatero, sizipha kanthu, sanandilipiritse.

Mtengo wa ntchito yawo unali wochepera pa umene ndinapatsa mnyamata wa ku Lilongwe wa maola awiri uja. Ndinaonjezera pang'ono mwa ine ndekha, anawerenga nkubweza yapamwambayo, kenako anasintha maganizo nkuitenganso ati ya makala a mbaula. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha tsiku la maliro lija ndi makilipi anga.

Chimene chatsala panopa ndi nambala puleti yakumbuyo, besi ikagunda imanjenjemera ngati lata la pa khola, ndaikapo kachidutswa ka chubu cha njinga koma ikufunika ina. Batire lakale lija, limene ndinkati lafa, analitchaja ndipo likuyatsa TV kwa apongozi ku Mayani. Kabokosi kakuda kopha phokoso kali mu dashibodi, amene akukafuna abwere adzatenge ulere. Waya wofiira wa 5000W uja mayi a kunyumba anamumanga pakati pa mtengo wa pichesi ndi bafa, akuyanikapo matewera.